Denga la Kagalimoto Kofiira

Paipi ya mpweya ya a Kalilole inali mamita asanu ndi awiri kutalika kwake, ndipo mwiniwakeyo anali ataiyeza ndi tepi kangapo konse, ngati kuti tsiku lina adzaipeza itakula. Inkachokera pa makina amene ankangolira osapuma m'ngodya ya pabalaza, n'kudutsa pansi pa mpando, n'kuzungulira kuseri kwa makutu, n'kukathera m'mphuno mwawo. Kumene paipi inkafika, nawonso ankafika: pabedi, kubafa, patebulo la pazenera, ndi pakhomo la khitchini. Filiji ankaitsegula mochita kutambasula dzanja. Koma chitseko cha kukhonde lakuseri, chomwe chinali kumapeto kwa khitchiniko, chinkawatsalira mapazi asanu. Mapazi asanu okha, abale, koma chaka ndi theka chinatha asanachigwirepo.

Dzina lakuti Kalilole analitola kugalaji. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu anali wopopera penti magalimoto, ndipo galimoto ikatuluka m'manja mwawo, azimayi odutsa ankaima n'kukonza tsitsi akudziyang'anira pachitseko chake. Chotchingira kumphuno chinalipo ndithu, chinkakhala pa msomali. Iwo amvekere chimawasokoneza, poti wopenta weniweni amamva ndi mphuno ngati thinazi wosungunulira penti uja wachuluka. Ndiyetu anamvadi. Anamva mpaka mapapo anauma ngati chinkhupule choiwalika padzuwa, ndipo dokotala atayang'ana chithunzi cha m'chifuwa mwawo anangopukusa mutu, n'kufunsa ngati kunyumba kuli wowasamalira.

Wowasamalira analipo: mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, wogulitsa mankhwala mufamase, amene anawatenga n'kukhala nawo m'nyumba yake ya pansanjika yachitatu. Masitepe anawakwera ali pampando, anthu awiri atawanyamula, ndipo kuyambira pamenepo ankangowatsika popita kwa dokotala. Mwanayo a Kalilole ankamutchula Insipekita. Akabwera kuntchito, asanavule n'komwe nsapato, ankayamba wanunkhiza m'nyumba, kenako n'kuyang'ana ngati nambala ya pamakina idakali pa 2, kenako milomo ya bambo ake ngati yada. Moni ankabwera pomalizira.

"Malamulo ndi awiri okha, Bambo," anawauza tsiku loyamba lomwe. "Paipi isachoke m'mphuno. Ndipo muno musalowe chilichonse cha fungo la penti. Mapapo anu sangapirire, komanso mpweya wa makinawa ukakumana ndi zinthu zoyakazo, tipsa tonse ndi anansi omwe."

"Ndamva, a Insipekita."

"Musandiseke. Ndikunena zoona."

Ankanenadi zoona, ndipo n'zimene zinkawawa kwambiri. Akanakhala kuti akunama, bwenzi a Kalilole atapeza pokanganira.

Kagalimoto kanabwera ndi katundu wotsala wa kugalaji. Insipekita atapita kukalongedza zinthu za bambo ake, anapeza kabokosi kofumbwa m'mbali kali pamwamba pa kabati. Pachivundikiro panali chithunzi chofwifwa cha galimoto yamakedzana yofiira, ya mtundu uja anyamata akale ankaukonza kuti uzithamanga: boneti palibe, injini ili pamtunda, matayala akumbuyo onenepa, akutsogolo owonda. Amati hotirodi. M'katimo munali kagalimoto ka pulasitiki kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu, komangidwa theka, ndi tizigawo tina tosagwiritsidwa ntchito tili mbwee pansi pa bokosi.

A Kalilole atakaona anaphimba kumaso.

"Tseka, mayi, tseka! Anthu angaone."

Kanali konyansa, tisabise. Penti yobiriwira ya pamageti inali itapakidwa ndi bulashi, yochindikala ngati phala, misozi yake itayenderera m'mbali n'kuumira pomwepo. Guluu anali atasefukira paliponse. Ndipo wopalamula anali iwo omwe. Kagalimotoko anapatsidwa ndi mwini galaji chaka chimene anayamba ntchito, ndipo kanali chinthu choyamba kupaka penti pamoyo wawo. Bwana uja atakaona anaseka mpaka kukhala pansi. A Kalilole anakabisa pamwamba pa kabati, n'kulumbira kuti tsiku lina adzakakonza. Tsiku linalo linachedwa zaka makumi anayi.

"Ndiye mukonzetu," anatero Insipekita. "Kusiyana n'kumangowerenga magalimoto a eni pazenera."

Ntchito inayambira mufiliji. Nzeru yake anaipeza ndi Insipekita, atafufuza pafoni yake. Guluu wakale salimbana naye ndi mpeni, chifukwa pulasitiki yokalamba imangoti phwaa. A Kalilole ankaviika kagalimotoko m'madzi, n'kukakulunga mujumbo, n'kukagoneka pamalo a ayezi pambali pa nyama. Madzi akauma m'timipata amafufuma, ndipo guluu amasiya yekha pang'onopang'ono. Anachita zimenezi kasanu ndi kamodzi, mpaka tsiku lina thupi linalekana ndi chasisi, chimango chake cha pansi, kaphokoso kake kongoti the! Anasangalala ngati awina mlandu.

Penti yobiriwira ija anaichotsa ndi mafuta a mabuleki, amene Insipekita anayamba wawanunkhiza asanawalole kulowa. Thupi linagona m'mafutamo masiku atatu, mukontena ya ayisikilimu, ndipo penti inasupuka ngati khungu la tomato wowiritsa. Ndi mswachi wakale analitsuka mpaka pulasitiki yoyera inaonekera. Manyazi a zaka makumi anayi anapita ndi madzi a musinki.

Apa ndi pomwe mtima unawakula. Kubwezera kagalimoto momwe kanalili pachithunzi, ankati, ndi ntchito ya munthu wopanda maganizo akeake. Denga lake linali lalitali ngati chipewa cha wophika kuhotela. Iwo ankalifuna lotsika, kagalimoto kazioneka kolusa, ngati kakuyang'ana munthu mokwinya nkhope. Analemba mizere ndi pensulo pa nsanamira zonse zinayi, n'kudula ndi kasowo kakang'ono, mamilimita anayi nsanamira iliyonse. Akacheka kawiri katatu apume, akachekanso apume. Denga ukalitsitsa silikwananso pamalo pake, limaperewera, choncho analidula pakati n'kulumikizapo kachidutswa ka khadi lawo lakale la kuchipatala. Kumata ndi guluu inali ntchito ya Insipekita, panja pamasitepe, chitseko chotseka, iwo ali m'kati kupereka malangizo amene mwanayo sankawamva n'komwe.

Zipsera za padenga anazikwirira ndi fila wosungunula ndi madzi, wopanda fungo, amene Insipekita anawagulira atawerenga kaye zonse zolembedwa pachubu. Anamata denga lonse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kumalipala ndi sandipepa wonyowa kuti fumbi lisauluke. Kumata, kupala, kusisita ndi chala atatsinzina, kumatanso. Denga lokhalo linadya milungu isanu. Thupi lotsalalo silinkafuna fila, pulasitiki yake inali yosalala kale. Tiziwaya ta painjini anatitenga mu chaja yakufa ya foni, mipando n'kuikuta ndi kachikopa ka chikwama chawo chakale. Miyezi isanu inadutsa choncho, ndipo m'miyezi imeneyo tepi yoyezera paipi inangokhala mudilowa.

Kenako ntchito yonse inatha, n'kutsala chimodzi. Kagalimoto kanaima patebulo kali mbee, denga lotuwa, kakudikira penti.

Insipekita anabwera ndi timabotolo ta utoto wosungunula ndi madzi, ndi kabulashi kofewa.

"Uwu ulibe fungo, Bambo. Wofiira ndi uwu."

A Kalilole anayang'ana kabulashiko ngati apeza mphemvu mutiyi.

"Bulashi? Ine? Mayi, kagalimoto aka ndinakalakwira kale ndi bulashi kamodzi. Ukufuna ndikalakwirenso ndili ndi imvi?"

"Ndiye ndikapatse anzanu a kugalaji, akapopere."

"Akapopera iwowo ndiye kuti n'kawo."

"Nanga mukufuna chiyani?"

Yankho lake onse awiri ankalidziwa. A Kalilole ankafuna kupopera okha, ndi dzanja lawo, kamodzi kokha, n'kuona penti ikugona mpaka kuwala. Chiyambire kudwala, anthu a m'nyumbamo ankangowadziwa kuti ndi odwala aja a pamwamba. Mwana wawo yemwe, ali wamng'ono sankaloledwa kuyandikira chipinda chopoperamo. Za ntchito ya bambo ake ankangodziwa chifuwa ndi fungo la ovololo. Dzina lakuti Kalilole ankalimva ngati dzina chabe. A Kalilole ankafuna mwanayo aone ndi maso ake chimene linkatanthauza, iwo asanapite.

Insipekita anaika timabotolo tija patebulo mwamphamvu. Maso ake anali atafiira.

"Mverani, Bambo. Amayi ndinawaika kale, inu sindikufuna kukuikani chifukwa cha chidole. Ndikadzamva fungo la penti muno, ngakhale pang'ono chabe, kagalimoto aka ndidzakataya m'bini ya panja ndi manja angawa. Tebulo lomwe ndidzachotsa. Mukundidziwa."

Ankamudziwadi. Kuuma mutu anatengera kwa iwo.

Milungu itatu kagalimoto kanangokhala. Masiku anayambiranso kutalika. A Kalilole ankadzuka, kumwa mankhwala, kukhala pazenera, kuyang'ana madenga a mabasi akudutsa pansi, n'kumatukwana chamumtima amene anawapenta. Akatopa ankapita pakhomo la khitchini, paipi itakokeka mpaka kuwakanda kuseri kwa makutu, n'kumayang'ana chitseko cha kukhonde chija. Chinali ndi galasi lalitali lofika m'munsi, ndipo pagalasipo pankaoneka zingwe zoyanikapo zovala ndi kachidutswa ka thambo. Tepi inatulukanso mudilowa. Mamita anali omwe aja.

A Sipanala, makaniko amene anagwira nawo ntchito zaka zambiri, ankabwera Lachitatu lililonse m'mawa kudzasewera nawo makadi, Insipekita ali kuntchito. Ankafika pamwambapo ali wefuwefu kuposa wodwala yemwe.

"Achimwene, masitepe anuwa adzandipha ine inu mudakali moyo," anatero Lachitatu lina, akudziponya pampando. Kenako anaona kagalimoto kaja. "Ha! Koma ndiye mwakakonza! Denga limeneli mwalitsitsa nokha? Nanga kazikhala kosavala chonchi mpaka liti?"

A Kalilole anawauza zimene ankafuna. A Sipanala anakana, anakananso, anadzikanda m'mutu, anati Insipekita akadzadziwa adzawaponya pamasitepe. Lachitatu lotsatira anapisa m'jekete n'kutulutsa chitini chopopera, cha penti yeniyeni ya galimoto, yofiira psuu.

"Chimodzi chokha? Nanga penti yoyambira ija, yoyala pansi?"

"Jekete yanga ili ndi thumba limodzi losabooka, achimwene. Komanso mlonda wa pageti amacheza ndi mwana wanu, amandiyang'ana ngati ndaba." A Sipanala anatembenuza kagalimoto kaja ndi chala. "Koma pulasitiki imeneyi ipirira penti yaukali chonchi?"

"Asa! Mabampala a pulasitiki ndapopera angati ine? Pulasitiki ndi pulasitiki basi."

Akanamufunsa Insipekita, bwenzi atayang'ana pafoni mphindi imodzi n'kuwauza zoona zake, monga anachitira ndi guluu uja. Koma akanamufunsa bwanji, Insipekita yemweyo?

Chitini sichinagone m'nyumba. Za moto a Kalilole sankachita nazo masewera. A Sipanala anakachibisa kukhonde, pansi pa ndowa yosweka yovundikira, n'kupinda waya wa hang'ala kuti thupi la kagalimoto lidzakhalepo popopera. Anapempha kuti adzakhalepo tsikulo, koma a Kalilole anakana. Penti siyang'ana kuti lero ndi Lachitatu, imafuna tsiku louma lopanda mphepo. Komanso ankawadziwa anzawowo: akanangoona milomo ikuda, akanawalanda chitini.

Kwa mlungu wathunthu anadziyesa mobisa. Ankachotsa paipi, maso pawotchi, kuti aone nthawi imene zala zimayamba kuchita dzanzi. Atakhala pansi, mphindi zinayi. Akuyenda, zitatu zosakwana. Apa ndi pomwe panali vuto. Wopenta aliyense amadziwa kuti choyamba umangowaza pang'ono ngati nkhungu, n'kudikira iume, kuwazanso, kudikiranso, kenako ndi pomwe umagoneka yonyowa yomalizira. A Kalilole anaphunzitsa zimenezi anthu osawerengeka, ena anachita kuwakoka makutu. Koma mpweya wa maulendo atatu opita kukhonde n'kubwerako analibe. Anali ndi wa ulendo umodzi, ndipo penti yonse inayenera kugona paulendo umenewo.

Lachisanu kunacha bwino, kopanda mitambo yambiri, zovala za pazingwe zili zii osagwedezeka. Insipekita atapita kuntchito, a Kalilole anadikira mpaka cha m'ma 10, mame a m'mawa atatheratu. Anapukuta thupi la kagalimoto ndi kansalu koyera. Anaima pakhomo la khitchini, anapuma mozama katatu, kenako anavula paipi n'kuikoleka pachigwiriro cha filiji.

Phazi loyamba, lachiwiri. Phazi lachisanu linawafikitsa pachitseko, ndipo chigwiriro chake chinali chozizira. Atatsegula, mpweya wa panja unawakhudza kumaso, phokoso la msewu linawalowa m'makutu lonse lathunthu, mahutala, wogulitsa zinthu akuitanira, wailesi ya kwa anansi. Anafuna kungoima pomwepo n'kulira, koma nthawi yolira inalibe malo pa mphindi zitatu. Anatseka chitseko kumbuyo kwawo, anakoleka kagalimoto pawaya uja, n'kuvundukula ndowa.

Chimodzi anali ataiwala pakuwerengera kwawo konse kuja: chitini chimafuna kukhutchumula. Penti yogona mlungu wathunthu sungaipopere choncho, imatuluka yamadzimadzi. Anakhutchumula, kachitsulo ka m'kati kakulira kokoko, ndipo kukhutchumula kulikonse kunkawadyera mpweya. Anawerenga mpaka makumi anayi. Zala zinali zitayamba kale dzanzi.

Kenako anadina, ndipo dzanja linakumbukira lokha. Linayambira pambali kagalimoto kasanafike, n'kudutsa mosathamanga, n'kukasiyira mbali inayo katadutsa. Kumanzere, kumanja. Anatembenuza waya, mbali inayo, kumbuyo, madigadi, pomalizira denga. Sipanagwe dontho ngakhale limodzi. Fungo lija linawalowa m'mphuno ngati mnzawo wakalekale, ndipo chifuwa chinangoti gwa. Anaika chitini pansi, anagwira khoma, n'kuyang'ana.

Penti inagona. Abale inu, inagona! Timadontho tonse tinalumikizana, tinasalala, kufiira kuja kunazama ngati ungapisemo chala. Pachitseko cha kagalimoto a Kalilole anaona zingwe za zovala, anaona thambo, anaona kankhope ka nkhalamba yopanda paipi m'mphuno.

"Ndi imeneyo," ananong'ona. "Ndi imeneyotu."

Apo anayenera kulowa m'nyumba. Ankadziwa. Koma anati angoyang'anako pang'ono chabe, ndipo m'kuyang'ana komweko anaona kamzere kakang'ono kakutuluka pansi pa chitseko cha kagalimoto. Kenako kena pambali pake. Penti inayamba kukwinyika ngati pamwamba pa mkaka wowiritsa ukamazizira. Makwinya anayenda, anakwera m'mbali, anagwira madigadi, ndipo kankhope kaja kanapindika n'kusowa. Thinazi wa mupenti anali akudya pulasitiki yakale ija pansi, popanda chotchinga chilichonse pakati pake. Sinali pulasitiki ya bampala. Inali yofewa, yokalamba, ndipo iwo anaithira penti yonyowa yonse nthawi imodzi.

"Ayi. Ayi, ayi, ayi."

Panalibe chochita. Ukaigwira ndiye waonjezera. Miyezi isanu inkafota iwo akuona, mpaka anagwa pansi.

Mmene anabwererera m'khitchini, iwo eni sakumbukira bwino. Amakumbukira kukoka chitseko ali chogwada, amakumbukira matailosi ozizira pansi pa zikhatho, ndi mdima ukubwera kuchokera m'mbali mwa maso. Paipi inali pachigwiriro cha filiji, pamwamba kwambiri kwa munthu wokwawa. Anagwira mbali yake yogona pansi n'kukoka mpaka inawagwera pamutu. Anaisomeka m'mphuno, anatsamira filiji, n'kulira ngati mwana, opanda n'komwe mpweya wokwanira kulirako. Chitseko cha kukhonde chinatsala chotsegula, ndipo fungo linalowa m'nyumba monse momasuka.

Insipekita ankaimba foni tsiku lililonse 11 koloko. Tsiku limenelo anaimba kasanu osayankhidwa, ndipo anasiya kasitomala ali chiimire n'kuthamanga. Fungo linamuchingamira pansanjika yachiwiri.

Anawayang'ana milomo, anathamangira pamakina n'kukweza nambala kuchoka pa 2 kufika pa 4, anatsegula mazenera onse, anawapanitsa kachida koyezera mpweya pachala. Anawadzutsa n'kuwakhazika pampando pakhomo la khitchini, n'kugwada patsogolo pawo, maso ali pakachidako, mpaka manambala anakwera. A Kalilole ankalakalaka Insipekita akanangowakalipira, chifukwa kukhala chete kwakeko kunkawalasa kwambiri.

Kenako anadzuka n'kupita kukhonde. Anatola chitini ndi dzanja limodzi, linalo n'kunyamula waya wa hang'ala, kagalimoto kali pamwamba pake. Anaima pachitseko, mapazi asanu kuchokera pomwe panali bambo ake.

"Taya," anatero a Kalilole, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Unanena. Kaonongeka kale. Ndakapha ndekha."

"Khalani chete, Bambo. Pumani."

Anakayang'ana pakuwala kwa pakhomopo. M'mbali monse munali makwinya okhaokha ngati chala chokhalitsa m'madzi, madigadi amodzi atapindika. Anapukusa mutu. Anapendeketsa waya uja kuti aone pamwamba, ndipo anangoima.

A Kalilole sankatha kuona chimene ankayang'ana. Pamene ankagwa paja, denga anali asanaliyang'ane. Koma denga lija, la milungu isanu ya kumata ndi kupala, linali ndi fila pamwamba ponse, ndipo thinazi sanaipeze njira yofikira pulasitiki. Penti inagona pamenepo n'kuuma momwe dzanja linaisiyira.

Insipekita anabweretsa kagalimoto pafupi ndi nkhope yake. Anayang'ana nthawi yaitali. Tsitsi lake linali litabalalika ndi kuthamanga kuja, lina litagwera pachipumi. Anaika chitini pansi, n'kukweza dzanja, osadziwa n'komwe chimene akuchita, n'kulikankhira kuseri kwa khutu, maso ali padenga la kagalimoto. Anatembenuza mutu pang'ono, n'kukonzanso mbali inayo.

A Kalilole anaona. Zimenezo anaziona kambirimbiri pageti la galaji, kwa azimayi osawadziwa. Anafuna kuseka, koma chinatuluka ndi chifuwa.

Insipekita anazindikira dzanja lake lili m'mutu, ndipo misozi imene anaigwira chichokere kufamase inatsika yonse.

"Bambo, munatsala pang'ono kundifera chifukwa cha kadenga aka."

"Koma waona?"

"Ndaona."

Anapukuta m'maso ndi mkono. Makina aja pabalaza ankalira mokweza kuposa kale.

"Mukapeza bwino tidzakaviikenso m'mafuta a mabuleki," anatero. "Muyambirenso. Mudzakhala ndi chochita miyezi ingapo."

"Mafuta sasankha, mayi. Achotsa ndi denga lomwe."

"Ndiye kakhale chonchi? Ndi makwinya onsewa? Nanga inu muzitani tsiku lonse?"

"Kakhale choncho."

Insipekita anawayang'ana, ndipo sanatsutse. Anabwezera kagalimoto kukhonde, pamwamba pa ndowa, kuti fungo lithere panja. Anatola chitini n'kuchiponya m'chikwama chake cha kuntchito, kuti akachitaye kutali. Kenako anatseka chitseko cha kukhonde, anakhoma kawiri, n'kuzula kiyi amene chibwerere a Kalilole m'nyumbamo anali asanachokepo pachitsekocho. Nayenso analowa m'chikwama, zipi n'kutsekedwa.

Anapita pabalaza kukaimbira dokotala. A Kalilole anamumva akutchula manambala, akuti inde, pa 4, akuti ayi, sakuganiza kuti ibwereranso pa 2. Anadzikoka ndi mpando womwe mpaka paipi inawakanda kuseri kwa makutu, n'kusuzumira pagalasi la chitseko. Makwinya a m'mbali sankaoneka kuchokera pamenepo. Pankangooneka denga.